Jaguar yokwana pachikhatho

Bokosi lake si lalikulu, munthu atha kulipanira m'khwapa n'kumayenda. Pachivindikiro pali chithunzi cha Jaguar E-Type, galimoto ya mphuno yaitali imene inazunguza anthu mitu ku Ulaya mu 1961. Koma wotsegula bokosilo koyamba amangoti kakasi, chifukwa m'katimo mulibe galimoto. Muli timafelemu ta pulasitiki tomwe pamatirira tizidutswa ta manambalamanambala, thupi la galimoto lopanda penti ndi magalasi, timatayala tofewa, kapepala ka zomata, ndi kabuku ka malangizo kodzaza ndi zithunzi. Tizidutswato timaposa 100, ndipo tina sitikwana n'komwe mamilimita atatu.

Ogula mabokosi oterewa si ana okha ayi. Ku Japan, Britain, Germany ndi America ambiri mwa iwo ndi anthu akuluakulu, ena a imvi, amene akaweruka kuntchito amakhala patebulo ndi kampeni m'manja mpaka usiku. Galimoto imodzi imawatengera masabata, ena miyezi. Kuno kwathu, amene anapindapo waya ali mwana n'kupanga galimoto ya chiwongolero chachitali akudziwa kale chimene chimakoka mtima pantchitoyi: waona galimoto pamsewu, yakusangalatsa, ndiye ukufuna ituluke m'manja mwako. Kungoti wa waya amayeza ndi maso, pamene wa m'bokosi amamangidwa ndi muyeso wolembedwa pakona ya chivindikiro: 1/24.

Nambala imeneyi ikutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 24. E-Type yeniyeni ya zaka zoyambirira ndi yaitali pafupifupi mamita 4.45, choncho yaing'onoyo imakhala masentimita 18 ndi theka. Chiwongolero chake cha mtengo, chimene n'chotakata mainchesi 16, chimasanduka kamkombero kosakwana masentimita awiri. Muyesowu unachokera ku mawerengedwe a mainchesi, pomwe theka la inchi limaimira phazi limodzi. Makampani ena a ku America monga AMT anasankha 1/25, ndipo kusiyana kwake n'kochepa moti ambiri amaziika pashelefu imodzi. Mu 1964 kampani ya Monogram inatulutsa E-Type ya 1/8, chimphona chopitirira theka la mita.

N'chifukwa chiyani galimoto imeneyi makampani a zitsanzo sanatope nayo? Thupi lake analijambula ndi a Malcolm Sayer, amene asanalowe ku Jaguar ankagwira ntchito ku kampani yopanga ndege ku Bristol, ndipo ankapeza mapindikidwe a thupi la galimoto ndi masamu, potsata mmene mphepo imadutsira. Injini inali ya masilinda 6 ondondozana, ya malita 3.8, ndipo magalimoto amene atolankhani anawayesa anathamanga mpaka makilomita pafupifupi 240 pa ola. Mtengo wake unali mapaundi 2,100 kapena kupitirirapo pang'ono, pafupifupi theka la mtengo wa Aston Martin ya nthawiyo. Pokaionetsa ku Geneva mu Malichi 1961, a Bob Berry, wogwira ntchito ku Jaguar, anayendetsa ya denga, ya nambala 9600 HP, usiku wonse kuchokera ku Coventry, n'kufika patangotsala mphindi zochepa kuti mwambo uyambe. Ofuna kukwera atachuluka, mwini kampani, Sir William Lyons, analamula kuti abweretse inanso, ndipo a Norman Dewis, mkulu woyesa magalimoto, anautsa yopanda denga ya nambala 77 RW n'kuyendanso usiku wonse. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1970, pamene anasiya kuipanga, zinali zitatuluka zoposa 72,000. Imodzi inalowa m'nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York mu 1996.

Womanga wosamala amayamba ndi mbiri imeneyi asanadule kanthu, chifukwa E-Type si imodzi. Zoyambirira zinali ndi nyali zobisika kuseri kwa magalasi ndi kakamwa kakang'ono kutsogolo. Mu 1964 injini inakula kufika malita 4.2. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 malamulo a ku America anachotsetsa magalasi a panyali aja, kamwa n'kukula, ndipo mu 1971 kunabwera injini ya masilinda 12. Amene wasankha kumanga galimoto ya a Dewis ayenera kudziwa kuti inali yobiriwira moderako, ndipo ya a Berry inali yotuwa ngati chitsulo. Akasakaniza, anzake odziwa amaona msanga.

Malonda a zitsanzo za m'bokosi anayamba ndi ndege. Mu 1936 kampani ina ya ku London inayamba kugulitsa tindege ta 1/72 pa dzina la Frog Penguin, topangidwa ndi pulasitiki ya acetate imene inkapindika ikakhalitsa. Kampani ya Airfix, imene a Nicholas Kove ochokera ku Hungary anaiyambitsa mu 1939, inalowamo kudzera pa thalakitala: mu 1949 inapemphedwa kupanga tizitsanzo ta Ferguson toti ogulitsa azionetsa alimi, kenako inaona kuti kugulitsa tizidutswa tosamata n'kotsika mtengo kusiyana ndi kulipira anthu omata. Pulasitiki ya polystyrene itafala m'zaka za m'ma 1950, malondawo anakula zedi, ndipo mpaka lero ndiyo imagwiritsidwa ntchito.

Kufakitale, timibulu ta pulasitiki timasungunulidwa pa kutentha kopitirira madigiri 200, n'kukankhidwa mwamphamvu m'chikombole cha chitsulo cha mbali ziwiri. Felemu ija, imene womanga amadzaitaya, ndi njira zimene pulasitiki inadutsamo popita ku kachidutswa kalikonse. Kusema chikombole kumadya ndalama zambiri, n'chifukwa chake kampani imachigwiritsa ntchito zaka makumimakumi, kapena kuchigulitsa kwa ina. Apa m'pamene ongoyamba kumene amapusitsika: bokosi likhoza kukhala latsopano, chithunzi chowala, koma chikombole chake n'cha zaka 50 zapitazo, tizidutswa take tosagwirana bwino. E-Type ya 1/24 imene Revell ya ku Germany inatulutsa mu 2021, galimotoyo itakwanitsa zaka 60, inachokera m'chikombole chatsopano, ndipo imasiyana kutali ndi zakale.

Pa nkhani yolondola muyeso, dzina limene omanga amalipatsa ulemu ndi Tamiya ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan, imene inayamba mu 1946 ngati malo ocheka matabwa. Pokonzekera chitsanzo cha Porsche 934 cha 1/12, chimene chinatuluka mu 1976, a Shunsaku Tamiya sanakhutire ndi zithunzi. Anagula Porsche 911 yeniyeni, akatswiri awo n'kuiphwasula kuti ayeze chitsulo chilichonse.

Patebulo la womanga zida n'zochepa: kapulayala kodulira, kampeni kakuthwa, kopanira tinthu tating'ono, sandipepa wa makhakhalidwe osiyanasiyana, timabulashi, tepi ndi timitengo totokosera m'mano. Kachidutswa sakathyola ndi zala pafelemu, chifukwa kamang'ambika; amakadula patali pang'ono, kenako n'kupala chotsaliracho. Pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana pamatsala kamsoko kotumphuka, ndipo kamsoko kameneko kamayenda pa chinthu chilichonse, ngakhale pa kapaipi ka ekizozi. Womanga amakapala ndi kumsana kwa mpeni mpaka katazimirira. Ndiye asanamate, amayamba wayesa kugwirizanitsa tizidutswato touma kuti aone pamene pakukana.

Guluu wake ndi wodabwitsa pang'ono, chifukwa samata monga amatira guluu wa nsapato. Ndi mankhwala amadzimadzi amene amasungunula pulasitiki pamwamba, moti tizidutswa tiwiri timalowana n'kusanduka chinthu chimodzi mankhwalawo akauluka. Womanga amagwirizanitsa mbali ziwiri za injini, n'kukhudza pamsoko ndi nsonga ya kabulashi. Madziwo amathamanga okha m'kampata konse. Dontho limodzi lakwana. Likatayikira pansi pa chala chimene chagwira, mizere ya chalacho imadindika m'pulasitiki, ndipo kuichotsa ndi ntchito ya sandipepa. Guluuyu sagwira pa penti, choncho malo omatapo amayenera kupalidwa kaye.

Malangizo ambiri amayambira pa injini, ndipo pa E-Type apa ndi pokoma, chifukwa boneti yake yonse, pamodzi ndi nyali ndi zotchinga matayala, imatsegukira kutsogolo n'kusiya zonse poyera. Palibe pobisa. Zivindikiro ziwiri za pamwamba pa injini zimafuna utoto wa aluminiyamu wowala, mutu wa injini pakati pake ndi wagolide, mapaipi otulutsa utsi ndi akuda monyezimira, ndipo mbali inayo kuli makabuleta atatu a SU ondandalika. Ena amathera pomwepo. Koma alipo amene amaboola timabowo ndi kachitsulo kochepa kuposa singano, n'kulowetsamo timawaya tisanu ndi kamodzi ta mapulagi, ndipo amatiika motsata mmene injini imaphulitsira mafuta: 1, 5, 3, 6, 2, 4. Pofufuza zimenezi amatulukira kuti pa injini imeneyi Jaguar inkawerenga silinda yoyamba kuchokera kumbuyo, pafupi ndi woyendetsa, mosiyana ndi makampani ambiri. Amaonanso kuti mabuleki a kumbuyo sali pamagudumu koma pakati, pafupi ndi difu. Munthu amene sanagwirepo sipanala amatuluka pantchitoyi akutha kucheza ndi makaniko za galimoto imene mwina sadzaiona ndi maso, ndipo phindu limeneli n'lalikulu kuposa chimene chimadzakhala pashelefu.

M'kati mwa galimoto mumapita msanga: mipando iwiri, giya, kapeti, ndi mawotchi a padeshibodi amene amabwera ngati zomata. Ofuna kuti kapeti ioneke yaubweya amapaka guluu woyera pansi n'kuwazapo kaufa kaubweya ka mtundu womwewo.

Thupi ndi limene limasiyanitsa omanga. Ndege ya nkhondo kapena kasinja zimakhululuka, chifukwa penti yake ndi yosawala ndipo matope ndi dzimbiri zimabisa zolakwa. Galimoto ya mtundu uwu imafuna kunyezimira, ndipo kunyezimira kumaulula chilichonse. E-Type ilibe ngodya zoti diso lipumirepo; ndi mapindikidwe okhaokha kuchokera kumphuno mpaka kumchira, moti kabampu kamodzi kamaonekera patali.

Ntchito imayamba ndi kutsuka thupilo m'madzi a sopo kuti mafuta a m'zala ndi a kufakitale achoke. Kenako misoko imapalidwa, timaenje timene pulasitiki inalowa pozizira timatsekedwa ndi phala longa la owongola magalimoto, ndipo zonse zimakwechedwa ndi sandipepa wonyowetsa, kuyambira wa 600 kupita wa 1000. Apa pamafunika kudziwanso galimoto yeniyeni, chifukwa pamwamba pa boneti ya E-Type pali timizere tiwiri ta chitsulo chowala totsata m'litali, ndipo wosadziwa atha kutifafaniza poganiza kuti ndi misoko. Pakatero amapopera penti yoyamba yotuwa, ya primer, imene imagwira pulasitiki komanso kuonetsa zipsera zimene diso linaphonya. Nthawi zambiri zimapezeka ndithu. Amakwechanso, n'kupoperanso.

Penti ya mtundu imapita pang'onopang'ono. Chitini chimakhala pafupifupi masentimita 20 kuchokera pathupi, dzanja limayamba kuyenda penti isanatuluke ndipo limadutsa mpaka kupitirira galimoto. Ulendo woyamba ndi wachiwiri ndi kankhungu chabe, moti pansi pamaonekerabe. Wachitatu kapena wachinayi ndiye wonyowa. Akapopera ali patali, penti imauma isanafike n'kukhala yokhakhala. Akayandikira kwambiri, imayenderera n'kuundana m'munsi mwa chitseko. Kukakhala chinyezi, monga nthawi ya dzinja, imachita mbuu. Ndipo fumbi ndiye mdani wa tsiku lililonse: womanga amapopera, n'kuvindikira thupilo ndi bokosi kapena beseni loyera nthawi yomweyo, chifukwa kaubweya kamodzi kotera pa penti yonyowa kamakhala pomwepo.

Mitundu ya penti nayonso ili ndi malamulo ake. Ya acrylic imauma msanga ndipo fungo lake n'lochepa. Ya enamel, monga ya m'tizitini ta Humbrol, imasalala bwino koma imachedwa kulimba. Ya lacquer imauma msanga n'kulimba kwambiri, koma mankhwala ake ndi aukali moti ikapoperedwa pamwamba pa enamel imaikwinyitsa. Penti ya magalimoto enieni ya m'masitolo a hadiweya imatheka, bola pansi pakhale primer yokwanira, apo ayi imadya pulasitiki. Zonsezi zimafuna malo opita mphepo ndi chophimba kumphuno, ndipo si zopoperera m'chipinda chogona.

Ikatha penti, chotsala ndi kudikira, ndipo ambiri amagwa apa. Pamwamba pamauma m'maola ochepa koma m'kati mumakhala mofewa kwa masiku angapo, ya enamel mwinanso masabata. Omanga akale amanunkhiza thupilo: ngati fungo la penti likumvekabe, nthawi sinakwane. Ikalimba amapopera vanishi, n'kudikiranso, kenako amachita chinthu chooneka ngati kuwononga: amatenga sandipepa wosalala kwambiri, wa 2000, n'kukwecha penti yowala ija mpaka itachita mbuu. Amapitiriza ndi tinsalu tokwechera ta 4000, 8000 mpaka 12000, n'kumaliza ndi polishi pa kansalu kofewa. Kuwala kumabwerera pang'onopang'ono, ndipo tsopano n'kosalala moti babu la kudenga limaoneka bwinobwino paboneti. M'mphepete ndi m'makona penti imakhala yopyapyala, choncho dzanja likalemera pang'ono primer imatulukira, ndipo ntchito ya masabata awiri imabwerera poyambira.

Zitsulo zowala, monga mabampala ndi zogwirira zitseko, zimabwera zitakutidwa kale ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri. Ena amaziona kuti n'zowala mopitirira, ngati za chidole, ndipo msoko wake sungapalike osawononga kuwalako. Amaziviika mu Jik, kuwala kuja n'kusungunuka, ndiye amapala misoko, n'kupopera penti yakuda yonyezimira, pamwamba pake n'kuwaza penti yapadera ya chitsulo. Mafelemu a mawindo amakutidwa ndi kapepala ka aluminiyamu komata kotchedwa Bare-Metal Foil: amakakanikiza ndi thonje, n'kudula m'mbali ndi lumo latsopano, dzanja lili phee, chifukwa lumolo likaterereka limalemba pa penti.

Zomata za manambala ndi zizindikiro amaziviika m'madzi ofunda kwa masekondi ochepa mpaka zitayamba kutsetsereka papepala, n'kuzikankhira pamalo pake ndi bulashi yonyowa. Zimafuna malo osalala. Pa penti yokhakhala mpweya umatsekeredwa pansi ndipo chomatacho chimaoneka chotuwa m'mbali.

Magalasi ali ndi msampha wawo. Supagulu, amene anthu ambiri amathamangira, amatulutsa nthunzi imene imasiya zoyera pagalasi, ndipo guluu wosungunula uja amaliwononga kotheratu. Choyenera ndi guluu woyera wa matabwa, amene akauma saoneka. Timagalasi tiwiri tophimba nyali za E-Type ndi tating'ono, topindika, ndipo tili pankhope penipeni pa galimoto, moti womanga amatiika ndi kamtengo kotokosera m'mano, atagwira mpweya.

Pali chinthu chimodzi chimene pulasitiki imalephera, ndicho magudumu. E-Type inali ndi magudumu a masipoko 72, ndipo sipoko yochepetsedwa ka 24 imayenera kukhala yopyapyala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Chikombole sichingatulutse kanthu kotero osathyoka, choncho masipoko a m'bokosi amakhala onenepa. Njira yosavuta ndi kuthira penti yakuda yosungunula kwambiri m'mipata kuti masipokowo aoneke owonda. Amene ali ndi ndalama amagula magudumu apadera a timapepala ta chitsulo tojambulidwa ndi asidi, amene nthawi zina mtengo wake umafanana ndi wa bokosi lonse. Ndipo alipo ouma mtima amene amadula masipoko onse, n'kuboola timabowo kuzungulira, n'kuluka gudumu lililonse ndi kawaya kapena ulusi wowedzera nsomba.

Pomaliza thupi limavekedwa pa chasisi, ndipo nthawi imeneyi imadetsa nkhawa ngakhale akatswiri, chifukwa pamafunika kulitanula pang'ono m'mbali pamene lili kale ndi penti ndi magalasi. Boneti iyenera kutsekeka n'kulingana ndi zitseko, ndipo ngati mawaya a pa injini akwera kwambiri, imakana.

Omanga ali ndi mabungwe awo. La International Plastic Modellers' Society linayamba ku Britain mu 1963, ndipo chionetsero chake cha Scale ModelWorld chimachitika ku Telford mwezi wa Novembala, kumene anthu ochokera m'maiko ambiri amabwera ndi ntchito zawo. Ku Shizuoka, kumene kumapangidwa zitsanzo zambiri za ku Japan, chionetsero chimakhala mu Meyi. Oweruza pamipikisano amayamba ndi zinthu wamba: amawerama kuona ngati matayala onse anayi akugunda pansi, amaunika ndi tochi kufuna msoko wotsala kapena kadontho ka guluu pagalasi, ndipo akatero m'pamene amayang'ana mawaya a pa injini. Kaweruzidwe kameneka n'koyenera, chifukwa zokometsera munthu atha kugula, pamene msoko wosalala umafuna dzanja lake.

Wofuna kuyesa amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London atha kuitanitsa bokosi, koma adziwe kuti zitini zopopera ndi guluu wamadzi uja saloledwa m'chikwama cha pandege chifukwa zimayaka. Ndi bwinonso kuyamba ndi galimoto ya tizidutswa tochepa, yopanda injini, kuti dzanja lizolowere penti lisanakumane ndi boneti ya E-Type.

Galimoto ikatha imafuna kabokosi ka galasi, kutali ndi zenera, chifukwa dzuwa limayezula penti, limachititsa zomata chikasu ndipo kutentha kumapinda pulasitiki. Vuto lina limabwera mochedwa: matayala ofewa a m'mabokosi ena, makamaka akale, ali ndi mankhwala amene pakapita zaka amafewetsa pulasitiki imene akhudzana nayo, moti gudumu limayamba kusungunuka m'mbali. Odziwa amapaka penti kapena kumata kapepala ka aluminiyamu kuzungulira gudumu asanaveke tayala, ndipo bokosi limene sanayambe kumanga amalichotsera matayala n'kuwasunga m'kapepala kawokha, kuti asagone pa magalasi.